Tsabola wa mu mtondo si wa m'chubu

Mwezi wa June chaka chatha ndinali ndi ophunzira anga a chaka chachiwiri pa chipatala china chaching'ono chakumudzi m'boma la Kasungu. Kunali kukuzizira, nyengo imene alimi ambiri amakhala atamaliza kusankha fodya ndipo makutu ali ku Chinkhoma kudikira za mabelo awo. M'mawa wina kunafika bambo wa zaka zopitirira 60, malaya atangowakoleka phewa limodzi ngakhale kunja kunali mphepo. Akazi awo ankabwera pambuyo atanyamula kabotolo ka Vaseline kokulunga m'nyuzipepala.

Bambowa anadwala mashingozi miyezi inayi m'mbuyomo. Matuza anauma, zipsera zinatsala kuchokera pamsana kuzungulira nthiti mpaka pachifuwa, koma ululu sunachoke. Ankati malaya akangokhudza pamalopo zimakhala ngati wina wawathira makala. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza uthenga pa WhatsApp wonena kuti madokotala akunja amachiza ululu wotere ndi tsabola. Mayi aja anatapa kambuzi wouma wodzaza dzanja, n'kusinja mu mtondo, n'kusakaniza ndi Vaseline. Madzulo anapaka amuna awo, n'kukulungapo pulasitiki ndi chitenje kuti mankhwalawo alowe bwino. Usiku umenewo m'nyumbamo munalibe anagona. Pamene ankafika kwa ife khungu linali lofiira ndi lotupa, ndipo malo amene ankakanda masiku am'mbuyomo anali akutuluka madzi.

Mmodzi mwa ophunzira anga anafulumira kuyankhula. "Agogo, zapafoni zimenezi n'zabodza, musamazimvere."

Bambo aja anatembenukira kwa ine. "Anesi, ndiye kuti mwana wanga anandinamiza?"

"Iyayi bambo, mwana wanu sananame," ndinatero. "Kungoti anakuuzani mbali imodzi yokha ya nkhaniyi."

Madzulo a tsikulo ndinakhala pansi ndi ophunzirawo, chifukwa wophunzira uja analakwitsa mofanana ndi mmene analakwitsira mwana wa ku Johannesburg. Wina ankati tsabola ndi mankhwala, wina ankati si mankhwala. Onse awiri anali asanafunse kuti m'tsabola muli chiyani, ndi chochuluka bwanji.

Chimene chimawawa m'tsabola chili ndi dzina, ndi capsaicin. Anachitcha dzinali ndi katswiri wa zamankhwala wa ku England, John Clough Thresh, mu 1876. Chikachotsedwa m'tsabola n'kuyeretsedwa, chimakhala timiyala toyera ngati mchere wosalala. Sichikhala chofiira, sichinunkhira ngati kambuzi, ndipo sichisungunuka m'madzi koma m'mafuta ndi mu sipiriti. N'chifukwa chake kumwa madzi mutalumidwa ndi tsabola kumangofalitsa motowo m'kamwa monse. Ambiri timaganiza kuti ukali wa tsabola uli m'njere. Ayi, umapangidwa m'kanyama koyera ka m'kati kamene njere zimamatirirako, ndipo njerezo zimawawa chifukwa chogundana nako.

Funso lakuti chimawawa bwanji linayankhidwa mochedwa. Mu 1997 David Julius ndi anzake a pa yunivesite ya California ku San Francisco anapeza kuti kumapeto kwa minyewa yathu yomva ululu kuli tizitseko ting'onoting'ono totchedwa TRPV1. Ntchito ya tizitseko timeneti ndi kutichenjeza za kutentha. Timatseguka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 43, ndipo uthenga umathamangira ku ubongo kuti ukupsa, chotsa dzanja. Capsaicin amatsegula tizitseko tomweto popanda moto uliwonse. Choncho tikamati tsabola akuotcha sitikukokomeza, ubongo umalandiradi uthenga wa moto. Julius analandira mphoto ya Nobel mu 2021 pamodzi ndi Ardem Patapoutian chifukwa cha ntchito yofufuza mmene thupi limamvera kutentha ndi kukhudzidwa.

Apa ndi pamene mwana wa bambo aja ananena zoona. Minyewa yomva ululu ikakumana ndi capsaicin mobwerezabwereza, kapena wambiri nthawi imodzi, nsonga zake zimatopa n'kuleka kutumiza uthenga kwa kanthawi. Munthu amene mashingozi anamusiyira minyewa yolira usana ndi usiku angathe kupeza mpumulo mwa njira imeneyi. Pali mafuta opaka a m'chubu okhala ndi capsaicin 0.025 peresenti kapena 0.075 peresenti. Amapakidwa pang'ono, katatu kapena kanayi pa tsiku, kwa milungu ingapo, pakhungu lopola lokha, osamangapo kanthu, ndipo masiku oyambirira amaotcha asanayambe kuthandiza. Palinso chimatiro chotchedwa Qutenza, chimene chinavomerezedwa ku Ulaya ndi ku America mu 2009. Mphamvu yake ndi 8 peresenti, kuposa mafuta a m'chubu aja ka 100. Chimenechi wodwala sapatsidwa kuti apite nacho kunyumba. Amamata ndi wachipatala atavala magolovesi oyenera, chimakhala pathupi mphindi 60, kapena 30 ngati ndi kumapazi, akuyang'anira kuthamanga kwa magazi kwa wodwalayo, kenako amachichotsa n'kupukuta malowo ndi mankhwala ake. Mpumulo ungathe kufika miyezi itatu. Ine sindinachionepo m'zipatala zonse zimene ndagwiramo ntchito, ndimangochiphunzitsa kuchokera m'mabuku.

Onani kuti m'zonsezi muli manambala: mphamvu yake, mphindi zake, kangati pa tsiku, pakhungu lotani. Mu mtondo wa mayi aja munalibe nambala ngakhale imodzi.

Mlimi wa ku Kasungu safunika kuuzidwa kuti mbewu imodzi imatulutsa zosiyana. Pa tsinde limodzi la fodya, tsamba lapansi ndi lapamwamba sakhala giredi imodzi, ndipo munda womwewo umabereka mosiyana chaka cha mvula yambiri ndi chaka cha ng'amba. Tsabola ndi chimodzimodzi. Ukali wake umasintha ndi mtundu, nthaka, madzi amene analandira, msinkhu umene anathyoledwa ndi mmene anaumitsidwira. Pa chitsamba chimodzi mungathyole tsabola awiri, wina n'kukhala wofatsa, wina n'kukutulutsani misozi.

Pali muyezo wa ukali umene anayambitsa Wilbur Scoville wa ku America mu 1912. Iye ankasungunula madzi a tsabola m'madzi a shuga, kuonjezerabe madziwo mpaka anthu olawa atasiya kumva kuwawa. Lero amayeza ndi makina, koma dzina lake linatsala. Pa muyezo umenewu tsabola wobiriwira wamkulu wothira mu ndiwo ali pa 0, ndipo capsaicin woyeretsedwa ali pa 16 miliyoni. Kambuzi wathu ndi tsabola wamng'ono wofiira uja amalonda amati bird's eye amawerengedwa pakati pa 50,000 ndi 175,000.

Ndinapatsa ophunzira anga masamu amenewa pa bolodi. Ngati 16 miliyoni ndi capsaicin yekhayekha, ndiye kuti kilogalamu imodzi ya tsabola wouma wa 50,000 ili ndi magalamu pafupifupi 3, pamene ya 175,000 ili ndi magalamu pafupifupi 11. Tiyerekeze kuti mayi aja anathira tsabola ndi Vaseline mofanana. Phala limenelo likanatha kukhala lamphamvu kawiri kuposa mafuta a 0.075 peresenti, kapena ka 7, ndipo iwo analibe njira yodziwira. Onjezeranipo kuti anapaka mochindikala, pakhungu lokandidwa, n'kuphimba ndi pulasitiki usiku wonse. Pulasitiki imasunga thukuta ndi kutentha, khungu limafewa, mankhwala n'kulowa mopitirira. Zinthu zitatu zimene pepala la m'bokosi la mankhwala enieni limaletsa, iwo anachita zonse, ndipo anachita chifukwa chokonda amuna awo.

Kusiyana kwina n'kwakuti tsabola wosinja sabwera yekha. Capsaicin ali ndi abale ake. Wamkulu ndi dihydrocapsaicin, amene amawawa pafupifupi mofanana naye, ndipo pali ena ang'onoang'ono. Kuchuluka kwa aliyense kumasiyana ndi mtundu wa tsabola, n'chifukwa chake wina amaluma msanga pa lilime n'kutha, wina amachedwa n'kukakhala kukhosi. Mulinso utoto wofiira, mafuta, phula la pakhungu la tsabola, tizidutswa ta njere. Makampani akakamula zonsezi ndi mankhwala osungunulira amapeza madzi ofiira okhuthala otchedwa oleoresin, amene amathiridwa m'zakudya, m'mafuta ena otikitira minofu ndi m'timabotolo topopera m'maso mwa achifwamba. Ngakhale oleoresin ameneyu sali woyera, ndipo botolo lolembedwa kuchuluka kwa oleoresin lokha silinakuuzeni ukali wake.

Tsabola wa pakhomo amaonjezera alendo ena. Tikamuyanika pansi pabwalo amatola dothi, zitosi za nkhuku ndi tizilombo. Akaikidwa m'thumba asanaumitsitse amachita chuku, chomwe chija alangizi akhala akutichenjeza pa mtedza ndi chimanga. Poizoni wa chuku amaononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo satha ndi kuphika. Amene mukulima tsabola wogulitsa tsopano pamene ambiri akufuna mbewu zina zoonjezera pa fodya, yanikani pa thandala kapena pa mphasa yoyera, ndipo tayani aliyense wakuda m'kati. Kuika fumbi lotere pa chilonda n'kuitana mafinya.

Anamwino akale timakumbukira bwino kwinini, ndipo mbiri yake ndi yofanana. Kwa zaka pafupifupi 200 anthu a ku Ulaya ankamwa ufa wa khungwa la mtengo wa cinchona wochokera ku South America, umene ansembe a chipani cha Jesuit anathandiza kufalitsa. Unkathandiza malungo, koma khungwa lina linali lamphamvu, lina lopanda kanthu. Mu 1820 akatswiri awiri a ku Paris, Pelletier ndi Caventou, anachotsamo kwinini woyera. Kuyambira pamenepo zinatheka kuyeza mlingo pa sikelo n'kudziwa kuti wodwala walandira wochuluka bwanji.

Ndisamveke ngati ndikunyoza tsabola wa m'dimba. Pali ntchito zimene iye amaposa capsaicin woyera kutali. Yoyamba ndi m'mbale. Fungo la kambuzi limene limadzutsa mudyo wa usipa silichokera ku capsaicin, ndipo timiyala toyera tija mulibe chakudya chilichonse. Tsabola wamuwisi ali ndi vitamini C wambiri, moti Albert Szent-Györgyi wa ku Hungary, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1937, ankachotsa vitamini ameneyu m'tsabola wa paprika wa kwawo. Amayi oyembekezera amandifunsa kawirikawiri ngati tsabola amapsereza mwana m'mimba. Sapsereza. Angakuonjezereni chilungulira m'miyezi yomaliza, ndipo zikatero chepetsani, basi.

Ntchito yachiwiri ndi ya kumunda, ndipo anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu akuidziwa nkhawa yake. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu, ndipo kuyambira pamenepo madandaulo a minda yoonongeka ndi anthu ovulala kapena kufa akhala akumveka mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia. Chitamba cha njovu chimamva fungo kwambiri ndipo sichigwirizana ndi tsabola. Alimi a m'mayiko angapo a kuno kummwera kwa Africa amasakaniza tsabola wosinja ndi ndowe za njovu, kuumba ngati njerwa, kuyanika, n'kumayatsa usiku m'mphepete mwa munda kuti utsi uzipita kumene njovu zikuchokera. Ena amapaka zingwe ndi tinsalu tsabola wosakaniza ndi oyilo wakutha wa galimoto n'kuzungulira munda. Ku chigwa cha Luangwa alonda a minda amawombera njovu timipira todzaza mafuta a tsabola. Mu 2002 Loki Osborn anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ku Zimbabwe woonetsa kuti kupopera oleoresin kunkathamangitsa njovu m'minda msanga kuposa njira zakale monga kuimba zitini ndi kuyatsa moto.

Apa palibe amene akufunika capsaicin woyera. Ndi wodula, ndipo njovu siifunsa giredi. Tsabola akaposa mlingo, palibe chaonongeka. Akachepa, mlimi amaonjezera. Vuto la kusadziwika kwa mphamvu limaonekerabe, chifukwa chingwe chimafuna kupakidwanso pafupipafupi, makamaka mvula ikagwa, ndipo tsabola si mpanda, njovu yanjala imatha kudutsa. Pempho langa monga namwino ndi lakuti osinja ndi oyatsa njerwazi aziima kumene mphepo ikuchokera, aziphimba mphuno ndi maso, ndipo ana ndi odwala mphumu asayandikire utsiwo.

Ntchembere zandonda zitafika m'dziko muno cha mu 2016 ndi 2017, ambiri anayesa madzi a tsabola wosakaniza ndi sopo pothira mu mtima wa chimanga. Wina ankayamikira, mnzake wa munda woyandikana n'kumati anangotaya nthawi. Mukakumbukira kuti capsaicin sasungunuka m'madzi komanso kuti tsabola wa awiriwo sanali wofanana, kusiyana kwa maumboni awo sikudabwitsa. Za nkhuku ndiye ndinene mosabisa. Mbalame sizimva kuwawa kwa tsabola, chifukwa tizitseko tawo ta TRPV1 sititseguka ndi capsaicin. Ndi chifukwa chake zimadya tsabola wakupsa n'kukafesa njere kuseri kwa nyumba, ife n'kumadabwa kuti wamera yekha. Kuthira tsabola m'madzi a nkhuku sikuchiza chitopa. Chimateteza nkhuku ndi katemera wodontheza m'diso.

Tsopano ndifike pa chimene chimandipweteka mtima monga mzamba. Pa zaka zoposa 30 za ntchito yanga ndakumana ndi amayi ambiri amene anapaka tsabola kumawere kuti mwana asiye kuyamwa. Kawirikawiri zimachitika mayi akazindikira kuti waima mwana akadali wamng'ono, apongozi kapena agogo n'kulamula kuti mkakawo waonongeka ndipo mwana aleke lero lomwe. Mkaka wa mayi woyembekezera suonongeka. Mayi wathanzi angathe kupitiriza kuyamwitsa uku akupita ku sikelo ndi kudya mokwanira, pokhapokha achipatala atamuuza chifukwa china chosiyitsira.

Taganizani mmene zimakhalira kwa mwanayo. Malo okhawo amene wakhala akuthawirako akamva njala, mantha kapena kudwala, lero amulandira ndi moto. M'kamwa mwa mwana ndi mofewa kuposa mwa munthu wamkulu. Akalira amagwira pakamwa, kenako amatikita m'maso, moto uja n'kusamukira kumeneko. Mayinso savutika pang'ono. Nsonga ya bere ili ndi minyewa yambiri ndipo nthawi zambiri imakhala ndi timing'alu. Kusiya mwadzidzidzi kumadzazitsa mawere, amatupa, nthawi zina mpaka kuchita chithupsa chofunika kung'amba. Ndipo mwana wosiyitsidwa tsiku limodzi, makamaka m'miyezi ya njala ya January ndi February, ndi amene timadzamuona pa sikelo akutsika, kenako ali pa mzere wa chiponde.

Malangizo a zaumoyo sanasinthe: bere lokha kwa miyezi 6, kenako bere pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Nthawi yosiyitsa ikakwana, chotsani kuyamwa kumodzi pa tsiku, dikirani masiku angapo, chotsaninso kwina, kwa usiku kukhale komaliza. Abambo ndi agogo ali ndi gawo apa, kumutenga mwana pa nthawi imene anazolowera kuyamwa n'kumupatsa phala lothira nsinjiro. Zimatenga milungu, koma palibe amene amalira ndi tsabola.

Akuluakulu amati tsabola wakale sawawa. Pa nkhani za anthu mwina n'zoona, koma pa tsabola weniweni musadalire mwambiwu. Chimene chimayamba kutha ndi kufiira ndi fungo, pamene ukali umachedwa kwambiri. Thumba la chaka chatha limene laoneka lotuwa lingathe kukulizani bwinobwino.

Ngozi ikachitika, kumbukirani kuti capsaicin amamvera mafuta. Pakhungu, pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi mafuta ophikira, kenako sambani ndi sopo ndi madzi ozizira, ndipo bwerezani. Madzi otentha amaonjezera ululu chifukwa amatsegula tizitseko tomwe tija. M'kamwa, mkaka kapena chambiko zimathandiza. M'diso mokha ndi mosiyana. Musathiremo mafuta, mkaka wa ng'ombe kapena wa m'mawere. Thirani madzi oyera ambiri oyenderera kwa mphindi zosachepera 15, osatikita, ndipo ngati ululu sukuchepa kapena diso likuona mwachimbuuzi pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukagula mafuta otikitira minofu ku famase, werengani ngati alembapo capsicum kapena capsaicin. Ngati alembapo, musapake pa chilonda, pankhope, kumawere kapena pa mwana, ndipo sambani m'manja mukatha.

Za mashingozi enieniwo, mankhwala ake a acyclovir amagwira bwino ntchito akayambidwa m'masiku atatu oyambirira matuza atatuluka. Ambiri amatifika mochedwa atayamba ayesa phulusa, mankhwala otsukira mano ndi zina. Mashingozi amakonda kutuluka chitetezo cha m'thupi chikatsika, kaya chifukwa cha ukalamba, matenda a shuga kapena kachilombo ka HIV, choncho timalangiza aliyense wodwala matendawa kuti ayezetse magazi.

Bambo aja tinawapukuta ndi mafuta ophikira amene mlonda anakapempha ku nyumba ya pafupi, tinawasambitsa ndi sopo, n'kutsuka ndi kumanga malo otuluka madziwo. Anavomera kuyezedwa magazi. Dokotala wa pamalopo anawayambitsa amitriptyline, m'bulu umodzi waung'ono usiku uliwonse, amene ndi mankhwala omwe zipatala zathu zimagwiritsa ntchito pa ululu wa minyewa, ndipo anawachenjeza kuti adzawaumitsa kukhosi ndi kuwapatsa tulo.

Anabweranso patatha milungu iwiri, ife tikukonzekera kubwerera ku sukulu. Khungu linali litapola ndipo malaya anali atavala manja onse awiri. Ululu unali usanatheretu, koma anati tsopano akumagona mpaka tambala woyamba. Kabotolo ka Vaseline kaja anali atakataya m'chimbudzi. Akazi awo anafunsa wophunzira yemwe uja ngati kambuzi wotsala mu lichero atayidwenso. Mtsikanayo anayamba wafunsa ngati anamuyanika pansi kapena pa thandala, ndiponso ngati wachita madontho akuda. Atamva kuti ndi woyera, anawauza kuti akathire mu ndiwo.